Haidirojeni wa Mabakiteriya: Tiyambe Tawerenga Matumba a Shuga

Abale ndi alongo okhala m'maiko a eni, pali mawu amene abwereranso pakamwa pa anthu, ndipo mawuwo ndi haidirojeni. Amene tidafika kuno ku Britain kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 tidawamvapo kale mawuwa. Adamveka, adazilala, tsopano atulukiranso atavala malaya ena. Masiku ano akuti mpweya umenewu sufunanso malasha kapena magetsi ochuluka kuti upangidwe. Akuti mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso tija, angathe kudya zinyalala, makoko a chinangwa, madeya ndi molasesi, n'kutitulutsira mafuta oyendetsera galimoto amene utsi wake ndi madzi okhaokha. Nkhani yokoma chotere sichedwa kupeza mwini. Pofika m'magulu athu a pa WhatsApp ndi m'misonkhano ya Loweruka madzulo imakhala itasanduka kale pempho: sonkhani ndalama tikamange fakitale kumudzi, dziko lathu lisiye kugona pa mizere ya petulo.

Ife tikukana, ndipo tikufuna kukana poyera, ndi zifukwa zoti aliyense angathe kuziwerenga pa pepala. Ndalama zimene zikupemphedwazi si za boma la Germany kapena za kampani ya mafuta imene ingataye mamiliyoni n'kugona tulo tabwino. Ndi za mayi amene wachezera usiku wonse akutembenuza okalamba m'nyumba yowasamalira ku Leeds. Ndi za bambo amene amatchetcha kapinga wa eni ku Johannesburg, ndi za mlongo amene wadzimana jekete la nthawi yozizira kuti mng'ono wake amalize fomu folo. Ndalama yotereyi siyenera kukhala yoyesera maloto a munthu wina.

Tivomereze kaye chimene chili choona, chifukwa chilipo ndipo n'chochititsa chidwi. Aliyense amene adaonapo agogo ake akufulula mowa wa masese amadziwa kuti mbiya ikayamba kuwira imatulutsa thovu. Thovulo ndi mpweya wochokera kwa tizilombo timene tikudya shuga wa m'chimera. Mu mowa, amene amagwira ntchito yaikulu ndi yisiti, ndipo mpweya wake ndi carbon dioxide. Koma alipo mabakiteriya ena, makamaka a mtundu wa Clostridium, amene amakhala m'nthaka, m'matope ndi m'matumbo, malo opanda okosijeni. Iwowa akadya shuga amatulutsa carbon dioxide wosakanikirana ndi haidirojeni, n'kusiya m'madzimo asidi wa viniga ndi asidi wina wonunkha ngati batala wovunda. Akatswiri amaitcha njirayi dark fermentation, poti sifuna kuwala kwa dzuwa. Palibe bodza pamenepa. Mukaika shuga, madzi ndi mabakiteriya oyenera m'botolo lotseka bwino, haidirojeni amatuluka ndithu.

Chimene sichoona ndi chakuti zimenezi angozitulukira dzulo. Pa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse, Chaim Weizmann, amene ankaphunzitsa ku Manchester, adapatsa boma la Britain njira yopangira acetone wa zipolopolo pogwiritsa ntchito Clostridium acetobutylicum wodya chimanga, ndipo mumpweya wotuluka m'mathanki akewo munali haidirojeni. M'chaka cha 1931, ku Cambridge, Marjory Stephenson ndi Leonard Stickland adafotokoza enzyme imene mabakiteriya amagwiritsa ntchito pa mpweyawu, naitcha hydrogenase. Anzathu a ku South Africa akadutsa ku Germiston adziwe kuti kumeneko kudali fakitale imene inkadyetsa chimanga, kenako molasesi, mabakiteriya a mtundu womwewu kuyambira m'zaka za m'ma 1930 mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nkhaniyi yatha zaka zoposa 100. Tsono funso loyenera kufunsa wogulitsa malotowa ndi ili: ngati anthu akhala akudziwa zimenezi kwa zaka zonsezi, m'maiko a ndalama zambiri, a mayunivesite akuluakulu, a zinyalala zosasowa, n'chifukwa chiyani sadalemere nazo iwowo, mpaka adikire chopereka cha ife?

Yankho lake lili m'thupi la bakiteriya mwiniyo. Pa pepala, molekyu imodzi ya shuga wa glucose, pamodzi ndi madzi, ingathe kupereka mamolekyu 12 a haidirojeni. Koma bakiteriya si waganyu wathu. Amadya kuti akhale ndi moyo ndi kuberekana, ndipo haidirojeni kwa iye ndi chinthu chotaya, chimene amachitulutsa pofuna kudzipepukitsa. M'chaka cha 1977, Rudolf Thauer wa ku Germany ndi anzake adaonetsa kuti bakiteriya wamoyo wodya shuga mumdima sangapitirire mamolekyu 4 pa 12 aja. Malire amenewa mpaka lero amatchedwa ndi dzina lake. Si kuperewera kwa makina, ndipo si vuto loti likhoza kutha mukagula thanki yabwinoko ku China; ndi mmene mphamvu zimayendera m'chilengedwe. Ngakhale 4 ameneyo amayandikiridwa ndi mabakiteriya okonda kutentha okha, monga Thermotoga ndi Caldicellulosiruptor, amene amafuna thanki yotentha madigiri 70 kapena 80 usana ndi usiku. Moto wotenthetsera thankiyo ndi mphamvunso, ndipo wina ayenera kuulipira. M'mathanki wamba, a mabakiteriya osakanikirana, chimene chimapezeka kawirikawiri ndi mamolekyu 2 kapena kucheperapo.

Tiyeni tsopano tiwerenge monga mmene amawerengera mayi wa pamsika, chifukwa masamu ake ndi a sitandade seveni. Magalamu 180 a glucose, zonse zitayenda bwino kotheratu, amapereka magalamu 8 a haidirojeni. Ndiye kuti kilogalamu imodzi ya haidirojeni ifuna makilogalamu pafupifupi 22 a shuga. Pa mlingo umene umapezeka kawirikawiri uja, ifuna makilogalamu 45. Galimoto yotchuka ya haidirojeni, Toyota Mirai imene idatuluka mu 2014, imanyamula makilogalamu pafupifupi 5 ndipo imayenda nawo makilomita pafupifupi 500. Kuti tidzaze thanki imodzi yokhayo tifuna makilogalamu 225 a shuga, matumba anayi ndi theka a makilogalamu 50. Ndipo matumba onsewo sangakwanitse kukutengani ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi kukubwezani, mungatsikire panjira.

Shuga yemweyo mum'patse yisiti, kachilombo kamene amayi otcheza kachasu amakadziwa bwino kuposa mapulofesa ambiri. Makilogalamu 225 angakupatseni malita oposa 120 a ethanol, ndipo galimoto yaing'ono ingayende nawo makilomita oposa 1,000. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Yisiti akamaliza ntchito, mphamvu zoposa magawo 9 mwa magawo 10 za shuga uja zimakhala zili mu ethanol. Tizilombo topanga methane, mpweya woyaka wa mu biogas, timasunganso mlingo wonga womwewo. Koma bakiteriya wa haidirojeni, pa tsiku lake labwino koposa, amakupatsani magawo 4 okha mwa 10, ndipo pa tsiku wamba magawo 2. Zotsalazo zimakhala m'madzi onunkha asidi aja, amene simungawatayire mumtsinje popanda kupha nsomba. Mwa njira zitatu zosandutsira chomera kukhala mafuta pogwiritsa ntchito tizilombo, akutiuza kuti tisankhe imene imataya zambiri koposa, ndipo tiisankhe chifukwa dzina lake likumveka la chizungu chamakono.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pa njira ya yisitiyo dziko la Malawi silophunzira ayi. Fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa idayamba ntchito mu 1982, maiko ambiri a ku Ulaya asanayambe n'komwe kusakaniza ethanol ndi petulo, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idatsatira mu 2004. Petulo wa m'galimoto za kumudzi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa molasesi wathu kwa zaka zoposa 40. Mafakitale awiriwa akhala akunena kuti molasesi sawakwanira. Tsono munthu akaima pamaso pathu n'kunena kuti fakitale yake ya haidirojeni idzadya molasesi "wotayidwa" wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndiye kuti mwina sadziwa dziko limene akulinenalo, mwina akuganiza kuti ife tidaliiwala.

Tikudziwa chimene atiyankhe. Anena kuti palibe wamisala amene angadyetse mabakiteriya shuga wa m'sitolo; chakudya chawo chidzakhala zinyalala, ndipo zinyalala n'zaulere. Mawu awiri onsewa ndi oterera. Choyamba, mapesi a chimanga, makoko a nzimbe ndi udzu si shuga wosungunuka. Shuga wake ndi womangika mu ulusi wolimba umene bakiteriya sauthyola msanga, kotero kuti uyenera kuyamba waphikidwa, kapena kuthiridwa asidi, kapena kuthiridwa ma enzyme ogula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zija tikuti zikusowa. Mlingo wa haidirojeni umatsika, mtengo umakwera. Chachiwiri, amene amati zinthuzi n'zaulere adakulira m'tauni ya kwa eni. Kwathu madeya ali ndi mtengo pamsika: amadyetsa nkhuku ndi nkhumba, ndipo amene adaona njala ya 2002 akudziwa kuti madeya adasanduka nsima ya anthu. Mapesi amadyetsa ng'ombe m'chilimwe ndipo otsala amabwezera chonde m'nthaka imene yatopa kale. Chimene mlendo amachiona ngati chinyalala chili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo kawirikawiri ndi wosauka koposa m'mudzimo.

Palinso vuto lina limene ife timaliona kuti ndi losangalatsa kulimva, chifukwa likuonetsa mmene chilengedwe chimachitira zinthu. M'mimba mwa ng'ombe mabakiteriya amapanga haidirojeni wochuluka tsiku ndi tsiku, koma ng'ombe simageya haidirojeni, imageya methane. M'matope a m'dambo, thovu limene limatumphuka mukapondamo ndi methane yemweyo, amene Alessandro Volta adamutola m'bango la nyanja ya Maggiore ku Italy mu 1776. Zili choncho chifukwa paliponse pamene pali bakiteriya wotulutsa haidirojeni, pambali pake pamakhala kachilombo kena kodikira kuti kam'meze nthawi yomweyo n'kum'sandutsa methane. Ubale wake ndi wolimba kotero kuti kwa zaka zambiri akatswiri ankasunga kachilombo kena m'labotale akuyesa kuti ndi kamodzi, mpaka mu 1967 Marvin Bryant ndi anzake ku Illinois adapeza kuti tinali tiwiri, kena kotulutsa haidirojeni, kena kodya. Ndipo wotulutsayo amafunadi mnzake wakudyayo, poti haidirojeni akachuluka m'thanki bakiteriya amafooka n'kuyamba kupanga zinthu zina.

Kupanga haidirojeni ndi mabakiteriya, tsono, ndi kuimitsa chilengedwe pakati pa njira ndi kuchigwira pamenepo mokakamiza. Matope oyambira muyenera kuwaphika kuti tizilombo ta methane tife. Asidi wa m'thanki muyenera kumusunga pa mlingo umodzi, pafupi ndi pH 5.5, osakwera, osatsika. Mpweya muyenera kumauchotsa kosalekeza. Ndipo ngolo iliyonse ya zinyalala zatsopano imabwera ndi adani atsopano, a methane aja ndi mabakiteriya osasitsa mkaka ndi thobwa, amene amalanda shuga osatulutsa haidirojeni ndi pang'ono pomwe. Katswiri wa m'labotale ya ku Netherlands amatha kuchita zonsezi ndi makina oyezera ndi magetsi osazima. Ife tikuuzidwa kuti zidzatheka pa malo pamene magetsi amazima tsiku lathunthu, pamene kachipangizo kakang'ono kakafa kayenera kuitanitsidwa ku Durban.

Tiyerekeze kuti zonsezo zatheka ndipo mpweya watuluka. Sunakhale mafuta. Pafupifupi theka lake ndi carbon dioxide, ndipo muli fungo la mazira ovunda la sulfure. Fuel cell, chipangizo chimene chimasandutsa haidirojeni kukhala magetsi m'galimoto, chimafuna mpweya woyera kufika pa 99.97 pa 100 aliwonse, ndipo sulfure wochepa zedi amaononga pulatinamu wa m'kati mwake. Mukauyeretsa muyenera kuupanikiza, chifukwa kilogalamu imodzi ya haidirojeni wosapanikiza imadzaza malo oposa malita 11,000. Matanki a galimoto amaupanikiza kuwirikiza ka 700 kuposa mpweya umene tikupumawu. Ndi mpweya wothawa pa kampata kalikonse, wofooketsa zitsulo zina, ndipo lawi lake silioneka bwino masana. Umayaka ukakhala pakati pa magawo 4 ndi 75 pa 100 a mpweya wa m'chipinda, pamene methane amayaka pakati pa 5 ndi 15 pokha. Umenewu si mpweya woti tiuike m'khitchini ya udzu mmene muli ana.

Za utsi wa madzi okhaokha zija n'zoona pa paipi ya galimoto, koma carbon dioxide adatuluka kale ku thanki ya mabakiteriya. Adachokera m'chomera ndipo chomera china chidzam'tenganso, n'zoona, koma zomwezo n'zoona pa ethanol ndi pa biogas. Pa nkhani ya kusintha kwa nyengo haidirojeni wa mabakiteriya alibe chimene amaposa nacho abale ake awiriwo.

Ena amati sayansi ikupita patsogolo, malire a Thauer adzadumphidwa. Akatswiri ayesadi, ndipo tiwalemekeze. Pali mabakiteriya ofiirira, monga Rhodobacter, amene pa kuwala kwa dzuwa amadya asidi wotsala uja n'kutulutsa haidirojeni wina. Bungwe la European Union lidalipira ntchito yotchedwa HYVOLUTION, yotsogozedwa kuchokera ku Wageningen pakati pa 2006 ndi 2010, yoyesa kulumikiza njira ziwirizi. Mu 2005 Bruce Logan wa ku Penn State ndi akatswiri ena a ku Netherlands adaonetsa kuti mukawonjezera magetsi pang'ono, mabakiteriya ena amatha kufinya haidirojeni mu asidi wa viniga. Ku Harbin m'dziko la China adayesa thanki zazikulupo zodya molasesi. Zonsezi ndi ntchito zenizeni za anthu anzeru. Koma mabakiteriya ofiirira aja amagwira kachigawo kochepa kwambiri ka kuwala, choncho amafuna mabwalo aakulu a mapaipi oonekera. Njira ya magetsiyo imafuna zipangizo zodula. Patatha zaka 20, njira zonsezi zidakali m'malabotale ndi m'mafakitale oyesera. Mu 2023 dziko lonse lidagwiritsa ntchito haidirojeni wokwana matani pafupifupi 97 miliyoni. Wochuluka kwambiri adachokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha, monga amachitira a Sasol ku Secunda; wopangidwa m'njira zosaipitsa mlengalenga, kuphatikiza njira zonse pamodzi, sadafike ndi gawo limodzi lomwe pa 100.

Ife okhala kuno tili ndi mwayi umodzi umene abale athu kumudzi alibe: malonjezo amenewa tawaona ndi maso akubadwa ndi kufa. Mu Januwale 2003, George W. Bush adalonjeza madola 1.2 biliyoni a kafukufuku wa haidirojeni, nati mwana wobadwa nthawi imeneyo mwina galimoto yake yoyamba idzakhala ya haidirojeni. Mwanayo lero wadutsa zaka 20, ndipo ngati ali ndi galimoto, ndi ya petulo kapena ya batire. Kuno ku Britain kampani ya Shell idatseka malo ake omwetsera haidirojeni mu 2022. Mu 2023 boma lidasiya maganizo otenthetsa nyumba ndi haidirojeni ku Whitby, dera la ku Ellesmere Port, anthu ake atakana, ndipo chaka chisanathe lidasiyanso a ku Redcar poti haidirojeni wokwanira sakadapezeka. Amenewa ndi anthu okhala ndi mapaipi a gasi ofika khomo lililonse. Ngati iwo adabwerera m'mbuyo pa haidirojeni wamba, wodziwika kapangidwe kake, ife tithamangire bwanji wa mabakiteriya, amene ndi mwana wakhanda m'banjamo?

Ndipo tisaiwale msatsimanga. Ambiri a ife tikukumbukira mmene, pakati pa zaka za m'ma 2000, mtengo wa mpanda umenewu, umene azungu amautcha jatropha, udasandukira golide wobiriwira. Ankati umamera pa nthaka yoguga, sufuna madzi, sulimbana ndi chakudya, ndipo udzathetsa kugula dizilo kunja. Kampani ya BP idalowa m'pangano ndi D1 Oils mu 2007. Pofika 2009 idali itatulukamo. Kampani ya Sun Biofuels ya kuno ku Britain idatenga malo oposa mahekitala 8,000 a midzi ya ku Kisarawe m'dziko la Tanzania, ndi malo ena ku Chimoio m'dziko la Mozambique, ndipo mu 2011 idagwa. Mtengowo umameradi pa nthaka yoguga, koma subereka mokwanira popanda madzi ndi chonde, zinthu zomwe zija chimanga chimafuna. Eni ndalama adabwerera ku London. Eni minda adatsala akuyang'ana tchire. Chikomekome cha mkuyu, akulu adanena, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere za msatsimanga zidaluma alimi, osati ochititsa misonkhano.

Mantha athu aakulu ali pamenepa. Fakitale ikamangidwa ndi ngongole, ndipo zinyalala zikapezeka kuti sizikupereka mpweya wolonjezedwa uja, mwini wake sagwetsa fakitale. Amafuna chakudya chimene mabakiteriya amachikonda, ndipo chimenecho ndi sitalichi wa chimanga ndi chinangwa. Amayamba kugula makaka ku Nkhata Bay ndi chimanga ku Mchinji pa mtengo umene mayi wa ana asanu sangapikisane nawo. Boma la South Africa, dziko limene limakolola chimanga chotsala zaka zambiri, lidaona ngozi imeneyi ndipo mu ndondomeko yake ya mafuta ochokera ku zomera ya 2007 lidachotsamo chimanga, lidachotsamonso msatsimanga. Dziko la Malawi, limene mu Malichi 2024 lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi ya chilala, lilibe chimanga chodyetsa mabakiteriya.

Mfundo yamphamvu koposa ya anzathu otsutsana nafe ndi ya feteleza, ndipo sitiizemba. Ntchito yeniyeni ya haidirojeni pa dziko lino si kuyendetsa galimoto. Ndi kuyenga mafuta ndi kupanga ammonia, mayi wa feteleza wa urea. Dziko limene chaka chilichonse limalira mtengo wa feteleza lili ndi chifukwa chomveka cholakalakira haidirojeni wakewake. Komatu masamu aja sasintha. M'thumba la makilogalamu 50 la urea muli makilogalamu 23 a nayitirojeni, ndipo kuti nayitirojeni ameneyo asanduke ammonia pafunika haidirojeni wokwana makilogalamu pafupifupi 5. Ndi matumba anayi ndi theka a shuga omwe aja, pa thumba limodzi la feteleza, tisanawerenge fakitale ya ammonia imene imafuna kutentha ndi kupanikiza koopsa. Anzathu a ku Zimbabwe angatiuze mmene nkhaniyi imayendera. Fakitale ya Sable Chemicals pafupi ndi Kwekwe inkang'amba madzi ndi magetsi a ku Kariba kupanga haidirojeni wa feteleza kuyambira 1972, imodzi mwa zochepa zedi pa dziko lonse, ndipo mu 2015 gawo limenelo lidatsekedwa magetsi atasowa ndi kudula. Ngati tsiku lina dera lathu lidzapanganso haidirojeni wa feteleza, njira yake idzakhala ya madzi ndi magetsi otsika mtengo a dzuwa ndi mitsinje, osati ya mbiya ya mabakiteriya.

Tikunena zonsezi podziwa chimene chimatikoka mtima. Tidagona pa mizere ya mafuta mu 2011, ena a ife tidachoka kumudzi chaka chomwecho. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 usiku umodzi, ndipo abale athu ankatiimbira foni mothamanga batire lisanathe. Munthu wokhala kutali amamva manyazi ndi chisoni, ndipo amafuna kuchitapo chinthu chachikulu, chinthu choti adzatchulidwe nacho. Ogulitsa maloto amadziwa bwino chilonda chimenechi ndipo ndi pomwepo amagwira. Koma kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala. Vuto lalikulu la mphamvu kwathu lili pa mafuwa, m'maso ofiira ndi utsi a amayi athu ndi m'mapiri ometedwa mpala, osati m'thanki ya Toyota Mirai.

Pa vuto limenelo mabakiteriya angatithandize, tikawalola kumaliza ulendo wao mpaka pa methane. Thanki ya biogas sifuna kuphika matope kapena kulondera asidi ola lililonse. Imalandira ndowe, zotsala za kukhitchini ndi za kuchimbudzi, imatulutsa mpweya woyaka pa mbaula wamba ya gasi, ndipo zotsalira zake ndi manyowa opita kumunda. Ndende za ku Rwanda zidayamba kuphikira mpweya wa m'zimbudzi zao kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Ku Bronkhorstspruit, kum'mawa kwa Pretoria, mu 2015 adatsegula fakitale yosandutsa ndowe za ng'ombe ndi zinyalala kukhala magetsi ogulitsa ku fakitale ya BMW ya ku Rosslyn. Mu 2014 basi yoyendera mpweya wa zonyansa za anthu idayamba kunyamula anthu pakati pa bwalo la ndege la Bristol ndi mzinda wa Bath, ndipo nyuzipepala za kuno zidaseka nayo sabata yathunthu, koma basiyo idayenda. Ku Guariba m'dziko la Brazil, kampani ya Raízen mu 2020 idatsegula fakitale ya mamegawati 21 yodya madzi akuda otsala potcheza ethanol, madzi amene fakitale iliyonse ya ethanol imatulutsa malita oposa 10 pa lita imodzi ya ethanol. Madzi a mtundu umenewo ku Dwangwa ndi ku Chikwawa aliko.

Biogas nayenso si mankhwala a matenda onse, ndipo wina akadzabwera kudzatigulitsa ngati chozizwa tidzam'funsa mafunso omwewa. Mathanki ambiri a pakhomo m'maiko a mu Africa adasiyidwa chifukwa banja linalibe ng'ombe zokwanira, madzi anali kutali, kapena paipi itang'aluka padalibe mmisiri woikonza. Amagwira bwino pamene pali chakudya chake cha tsiku ndi tsiku ndi munthu wolembedwa ntchito yowasamala: pa sukulu yogonera konko, pa chipatala cha mishoni, pa khola la ng'ombe za mkaka ku Thyolo, pophera nyama, pa msika waukulu. Ambiri a ife tidadya nyemba zophikidwa pa zipika za mitengo yathunthu m'khitchini za sukulu zotere. Gulu la anthu 30 a kunja kuno lingathe kumanga thanki imodzi pa sukulu yao yakale, kulipira mmisiri wa m'deralo kwa zaka zitatu, ndi kuwerenga ngolo za nkhuni zimene sizidagulidwe. Zimenezo n'zowerengeka, ndipo zikalephera tidzadziwa kuti zalephera pati.

Mwana wathu amene ali ku yunivesite ndipo akufuna kufufuza za Clostridium ndi molasesi, tim'lipirire fizi mokondwa. Akatswiri ena akuyesa kuika thanki ya haidirojeni patsogolo pa thanki ya biogas, kuti yoyamba itole haidirojeni pang'ono ndipo yachiwiri imalize asidi wotsala uja. Mphamvu yaikulu imatulukabe mu yachiwiriyo, koma ndi funso loyenera digiri, ndipo ndi bwino lifufuzidwe ndi ana athu pa zinyalala za kwathu. Fizi ndi mphatso, ndipo woipereka amadziwa kuti sibwerera. Masheya ndi nkhani ina, chifukwa wowagulitsa amalonjeza phindu.

Amene adzabwere pa msonkhano wathu ndi zithunzi za mathanki owala pa kompyuta, tidzam'landira bwino, tidzam'patsa tiyi ndi mpando wa patsogolo. Kenako atiuze kuti pa kilogalamu imodzi ya chakudya cha mabakiteriya akewo pamatuluka magalamu angati a haidirojeni, chakudyacho akachigula kwa yani ndi pa mtengo wanji m'mwezi wa Febuluwale, madzi a asidi otsala akawataya mumtsinje uti, ndipo ndani ku Malawi, ku Zambia kapena ku Tete ali ndi galimoto kapena mbaula yodikira mpweya wakewo. Pomaliza atilembere dzina la tauni, m'dziko lililonse limene angasankhe, kumene fakitale yonga yakeyo yagulitsa haidirojeni wa mabakiteriya kwa chaka chathunthu popanda thandizo la ndalama za kafukufuku. Ngati ili kuno ku Britain, minibasi yopitira kukaiona tidzalipira ndife.